Kugulitsa Namzeze ku Matosinhos

Lolemba m'mawa, Matosinhos akununkha nsomba ndi dizilo.
Ndatsika sitima, laputopu kumsana, sokosi zanyowa kale.
Mawu anga ndinawayeserera usiku pagalasi la kubafa
mpaka anasiya kumveka ngati anga.

Fakitale iyi yakhala ikutsekera nsomba m'zitini
kuyambira nkhondo isanayambe.
Dona Graciete Varandas, magalasi kunsonga kwa mphuno,
sanandilozere mpando mpaka atatha kusaina mapepala.
Webusaiti yawo imatseguka pakatha masekondi khumi ndi limodzi.
Ndinawerenga ndekha.
Wogula wa ku Lyon amakhala atapita kale kwina,
ndalama zake m'thumba.

Ndikuti: Mayi, pali chida china chomangira,
dzina lake Andorinha, namzeze.
N'chopepuka, seva imodzi yaing'ono ikwanira,
bilu ya pamwezi itsika ndi theka.

Akuti: Akuchigwiritsa ntchito ndani?

Funso lomwelo.
Ndinalimva pa Cedofeita kwa wogulitsa nsalu,
ndinalimva kwa eni vinyo tsidya la Douro,
ndinalimva kwa bambo wa nsapato ku Felgueiras
amene anandiperekeza mpaka pageti
pofuna kutsimikiza kuti ndapitadi.
Palibe afunsa ngati chimagwira ntchito.
Onse afuna kudziwa anayamba kuwoloka ndani
ndipo ng'ona inamusiyira miyendo ingati.

Ndikupinda zala:
sitolo ya mabuku ku Braga,
chipatala cha agalu ndi amphaka,
sukulu yophunzitsa gitala.
Zala zina zatsala chiimire, zikundiyang'ana.

Akuti: Nanga galimoto ikakugunda mawa, Ilídio?
Ndikaitana ndani?
Chija chimene aliyense amadziwa, mwana wa mchemwali wanga amachidziwa.
Chikawonongeka, palibe adzanene kuti Graciete anapenga.
Chakochi chikangotsokomola, chala chonse pa ine.

Sananame.
Ochisamalira tilipo asanu ndi awiri padziko lonse.
Wa ku Tartu amayankha usiku, mwana wake akagona.
Wa ku Recife nkhope yake sindiidziwa,
koma ndimadziwa mmene amaikira mpumiro m'mizere yake
monga udziwira mapazi a m'bale wako pakhonde.

Ndinafuna kunena za mkuyu wokoma kunja,
za zigamba makumi anayi zimene anasokerera pa webusaiti yawo,
chigamba chilichonse ndi mwini wake, ndi tsiku lake long'ambika.
Ndinameza.
Sunyoza nyumba ya munthu utakhala pampando wake.

M'malo mwake ndinatsegula laputopu.
Tsamba lawo lomwelo, zitini zawo zachikasu zomwezo,
ndinalimanganso Loweruka ndi Lamulungu popanda wondituma.
Ndinati: Dinani apa.
Anadina.
Linatseguka chala chisanachoke pabatani.

Chete.
Kunja akakowa a m'nyanja akulimbirana mitu ya nsomba.
Anadinanso, kawiri, katatu,
ngati munthu woyesa chitseko chimene chasiya kulira.

Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, inde,
koma ndani apereka mutu wonse tsiku loyamba?

Akuti: Sitolo sindikupatsa.
Pali katsamba ka alendo ofuna kudzaona fakitale,
palibe amakasamala. Tenga kameneko. Miyezi itatu.
Ndipo ulembe zonse papepala, m'Chipwitikizi chomveka,
kuti tsiku la galimoto lija wina adzathe kuwerenga.

Pakhomo anandiika chitini chimodzi m'dzanja,
cha tsabola, chopindika pakona, chosagulitsika.

Tsopano ndili pasiteshoni, mvula sinaleke.
Ndalembera anzanga asanu ndi mmodzi aja mzere umodzi.
Ku Recife kukucha kumene, ku Tartu mwana sanagone.
Palibe wayankha.
Ndapinda chala chachinayi ndekha m'thumba la jekete,
pafupi ndi chitini chozizira,
ndipo mawa naini koloko ndili ndi wa mahotela ku Foz
amene, ndikudziwa kale, adzandifunsa chiyani.